Mabukumaki a Firefox akusowa mutasamutsa foda? Musathamangire kuchotsa pulogalamu

Bambo wina wandilembera imelo yodandaula. Disiki C ya laputopu yawo inadzaza, ndiye anasamutsira foda ya profile ya Firefox, momwe pulogalamu yotsegulira masamba a pa intanetiyi imasungamo mabukumaki ndi zinthu zina za mwiniwake, ku disiki D. Chichokereni tsikulo, akasunga bukumaki (adiresi ya tsamba lomwe akufuna kudzalipezanso mosavuta) imaoneka bwinobwino, koma akatseka Firefox n'kuitsegulanso, bukumakiyo kulibe. Akufunsa ngati achotse Firefox n'kuiikanso.

Ayi bambo, musatero. Vuto lili mu foda ya profile, ndipo kuikanso pulogalamu sikuikhudza fodayo. Mungotha bandulo pachabe.

Yambani ndi kuona foda imene Firefox ikugwiritsa ntchito panopa. Lembani about:profiles pamalo a adiresi, muone mzere wa Root Directory. Firefox imadziwa komwe kuli profile kudzera m'kafayilo ka profiles.ini, kamene pa Windows kamakhala mu %APPDATA%\Mozilla\Firefox. Ngati mzerewo sukuloza ku D, dinani Create a New Profile patsamba lomwelo, kenako Choose Folder, musankhe foda yanu ya ku D, ndipo muiike kukhala default, kutanthauza profile yomwe Firefox izitsegula nthawi zonse. Ena amasintha profiles.ini pamanja, koma ine ndimakonda njira iyi chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika Firefox imatha kukana kutseguka.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikukayikira kwambiri fayilo ya places.sqlite, yomwe ili mu foda ya profile. Kuyambira pa Firefox 3 ya mu 2008, mabukumaki ndi mbiri ya masamba omwe munatsegula zimakhala m'fayilo imodziyi. Pambali pake pamakhala ina, places.sqlite-wal, yosunga kaye zimene zangosintha kumene. Ngati munakopera foda Firefox ili yotsegula, mafayilo awiriwa akhoza kufika ku D asakugwirizana, ndipo apa mpamene kusunga kumayambira kuvuta. Ndikupempheni, ulendo wina muzitseka kaye msakatuli wanu wa Firefox, n'kuona mu Task Manager kuti wazimadi.

Musanakhudze kalikonse, dinani Ctrl+Shift+O muli mu Firefox, pitani pa Import and Backup, musankhe Export Bookmarks to HTML. Fayiloyo iikeni pa flashi.

Mukatero tsekani Firefox, dinani places.sqlite ndi batani lakumanja, pa Properties muone ngati pali chizindikiro pa Read-only, muchichotse. Pa Security ya foda ya profile onetsetsani kuti akaunti yanu ili ndi chilolezo cholemba. Ngati fodayo ili mkati mwa OneDrive kapena pulogalamu ina yotumiza mafayilo pa intaneti, itulutseni, chifukwa mapulogalamu otere, ngakhalenso antivirus ina, amagwira fayilo nthawi yomwe Firefox ikufuna kulembamo.

Zikakanikabe, tsegulani about:support, tsikani mpaka pa Places Database, mudine Verify Integrity. Nthawi zina vuto limathera pomwepa.

Njira yomaliza ili ndi mtengo wake, ndipo ndikufuna muudziwe musanayambe. Tsekani Firefox, musinthe dzina la places.sqlite kukhala places.old, ndipo mafayilo a places.sqlite-wal ndi places.sqlite-shm muwasunthire kwina ngati alipo. Mukatsegula, Firefox ipanga fayilo yatsopano n'kubwezeretsa mabukumaki kuchokera mu foda ya bookmarkbackups, momwe imasungamo makope ofika 15. Mabukumaki abwerera monga analili pa kope lomaliza, koma mbiri ya masamba ipita. Fayilo ya places.old musaifufute mpaka mutasunga bukumaki yatsopano, n'kutseka Firefox, n'kuipeza ilipo mutatsegulanso.