Craic kapena crack? Funso lochokera ku Limerick landikumbutsa dzanja la agogo ena

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene wangotha miyezi inayi ku Limerick, mzinda wa kuno ku Ireland. Akuti analemba "what's the crack" pagulu la WhatsApp la kuntchito, anzake n'kufa nacho chiseko, wina n'kumuuza kuti walemba dzina la mankhwala ozunguza bongo. Tsono akufunsa kuti kalembedwe koyenera n'kati, crack kapena craic, ndipo mawu otere angawaphunzire kuti.

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri ndili m'basi, ndipo mtima unandiwawa. Inu craic wangokuchititsani manyazi a tsiku limodzi. Ine amene anandivulaza ndi mawu ooneka ofatsa kwambiri: grand.

Chaka changa choyamba kuno ndinkagwira ntchito yausiku panyumba ina yosamalirako okalamba, kunja kwa mzinda wa Galway. Panali agogo ena aakazi ochokera ku Connemara, aafupi, okonda tiyi wothira mkaka wambiri. Usiku wina cha m'ma 3 koloko ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, magetsi osayatsa, dzanja lamanja atalifukata pachifuwa ngati mmene mwana amagwirira kamwanapiye. Ndinawafunsa ngati ali bwino. Anati, "I'm grand, love." Ine Chingerezi changa chinali cha m'kalasi, ndipo grand amene ndinkamudziwa ndi wa chinthu chachikulu, chapamwamba. Ndinawagoneka, ndinawafunditsa, n'kukalemba m'buku la malipoti kuti alibe dandaulo lililonse. Mmene kunkacha dzanja lija linali litatupa, pamfundo patada bii. Anali atagwa popita kuchimbudzi, fupa n'kuthyoka. Anapirira ululu umenewo maola anayi, ine ndili chipinda chachiwiri kuchokera pamenepo.

Namwino wamkulu sanandikalipire. Anangondikhazika pansi n'kundifotokozera kuti kuno grand satanthauza kuti zinthu zili bwino kwambiri. Nthawi zambiri amatanthauza kuti zilipo, tikukankha, musavutike nane. Munthu wa m'badwo wa agogowo sangakuuzeni msanga kuti akumva kupweteka, amaopa kukhala mtolo.

Chimene chimandidya mpaka lero n'chakuti khalidwe limeneli ndinakula nalo. Amayi anga malungo akawagwira sankanena kuti ndikudwala. Ankati "tadzukako," ndipo ife ana tikamva "ko" ameneyo tinkadziwa kuti lero kumunda sapita. Khutu langa linkamva zonsezi m'Chichewa. M'Chingerezi cha kuno linali lisanatseguke.

Ndiye ndikamva anzathu ena akunena kuti anthu a ku Ireland amalankhula Chingerezi chokhotakhota, ndimakana kwamtuwagalu. Ndipo ndimakwiya ndi onse amene amalemba ntchito anthu ochokera kunja, n'kuwafunsa satifiketi ya mayeso a Chingerezi, koma osapatula ngakhale ola limodzi kuwauza mmene odwala awo amalankhulira. Chingerezi cha kuno chinamera pamwamba pa chiyankhulo china, Gaeilge, ndipo mizu yake imaonekabe. Akati "she was giving out all night" sakunena kuti amagawa zinthu, akunena kuti amadandaula kapena kukalipa, ndipo mawuwo anachokera ku "tabhairt amach." Akati "I'm after eating" akutanthauza kuti ndangodya kumene, potsata "tar éis" ya chiyankhulo chawo. Mu Gaeilge mulibe mawu oti inde kapena ayi, umayankha pobwereza mneni, n'chifukwa chake ukafunsa "Are you cold?" amati "I am." Si mmene timachitira ife? "Mwadya?" "Ndadya." Ndipo ndani wa ife sananenepo "I'm coming" uku akutuluka pakhomo, mumtima akuti ndikubwera? Lilime la amayi silifa msanga, limabisala pansi pa chiyankhulo chatsopano.

Ena ndi ongofunika kuwaloweza. Press ndi kabati, hot press ndi kabati kofunda kosungiramo matawulo ndi zofunda, messages ndi zogula za kugolosale, jacks ndi chimbudzi, yoke ndi chinthu chilichonse chimene dzina lake lakuthawa, ngati mmene ife timanenera ujeni.

Pali kanthu kena kamene ndimakamenyera nkhondo kuntchito: kamzere kopendekera kamene amaika pamwamba pa a, e, i, o, u. Amakatcha fada, kutanthauza kutalika, chifukwa kamakoka liwu. Seán ndi dzina la munthu, koma sean ndi chinthu chakale kapena chokalamba. Cáca ndi keke, caca ndi zonyansa za kuchimbudzi. Ndaonapo dzina la abambo achikulire litamatidwa pachitseko chawo lopanda fada, ndipo ndinalikonza ndi bolopeni pomwepo. Ife tikudziwa mmene zimakhalira. Kachipewa ka pa ŵ wa Malaŵi kanazimiririka pang'onopang'ono, mpaka ana ambiri lero sakudziwa kuti kanalipo. Kuno akugwirabe kawo. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu pafupifupi 72,000 okha ndi amene amalankhula Gaeilge tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu, choncho kamzere kalikonse n'kamtengo wapatali kwa iwo. Pafoni n'kosavuta: dinikizani chilembocho kwa kanthawi, kabwera kokha.

Nanga za craic zija?

Achemwali, anzanu amene anakusekani aja sakudziwa kuti kalembedwe kanu ndiye kakale. Mawuwa sanabadwire mu Gaeilge. Anachokera ku Scotland ndi kumpoto kwa England, kumene crack inkatanthauza macheza kapena nkhani, ndipo ku Ulster, chigawo cha kumpoto kwa Ireland, ankalemba choncho kwa zaka zambiri. Olankhula Gaeilge atawabwereka anawalemba craic, popeza malembo awo 18 a makolo alibe k. Amene anawatchukitsa kwambiri ndi Seán Bán Breathnach, pa pulogalamu yake ya pa kanema wa dziko lino, RTÉ, imene inayamba mu 1976, pomwe ankalonjeza oonera nyimbo, macheza ndi craic. Kenako kalembedwe katsopanoka kanabwerera m'Chingerezi, ndipo lero kali pazikwangwani za malo omwera mowa kulikonse.

Katswiri wa mawu Diarmaid Ó Muirithe ankadana nako kalembedwe kameneka, ankati n'kongopeka. Ndimamulemekeza, koma pano sindigwirizana naye. Kodi sitolo ndi mawu abodza chifukwa anachokera ku Chingerezi? Nanga sukulu, buku, tchalitchi? Tinawatenga, tinawaveka zovala zathu, ndipo palibe angatilande. Anthu amene chiyankhulo chawo chinapondedwa kwa zaka mazanamazana ali ndi ufulu wonse wotenga mawu amodzi kwa owaponderezawo n'kuwalemba mmene akufunira.

Tsono inu lembani craic, koma potchula muziti "krak." Wina akakufunsani "what's the craic?" akungokupatsani moni, ngati kuti zikuyenda bwanji, ndipo "not much, yourself?" ikukwanira. Mukafuna kumva katchulidwe ka mawu a Gaeilge, pa teanglann.ie amawatchula m'kalankhulidwe ka zigawo za Ulster, Connacht ndi Munster. Otsalawo funsani amayi achikulire amene mumagwira nawo ntchito, panthawi ya tiyi. Amakonda kufunsidwa.

Agogo aja anabwerako kuchipatala ndi pulasitala mpaka m'chigongono. Usiku woyamba ndinalowa m'chipinda chawo n'kuwafunsa mmene akumvera. Anati grand. Ndinakoka mpando, ndinayatsa kanyali ka pambali pa bedi, n'kuwapempha kuti andionetse zala zawo, azigwedeze chimodzichimodzi.