Funso la mwana wa sitandade 7 lomwe lakanganitsa banja la mwini okala

A mlangizi, ndili ndi kaokala kuno ku Chirimba. Mwana wanga wa sitandade 7 anabwera ndi funso la masamu lomwe latikanganitsa pakhomo. Akuti munthu wagula shuga wa K3,000 ndi ndalama ya K5,000. Mwini okala alibe chenji, ndiye wakasinthitsa kwa mnzake wogulitsa makala, kenako wapereka shuga ndi K2,000 kwa wogulayo. Madzulo wamakala uja wabwera nayo K5,000 ija kuti ndi yachinyengo, mwini okala n'kumupatsa ina yeniyeni. Kodi wataya zingati? Bambo a kunyumba akuti K10,000, ine ndikuti K7,000, mwanayo waumirira pa K5,000. Akulondola ndani?

Mayi wa ku Chirimba, Blantyre

Amayi, m'gulireni mandazi mwanayo. Yankho ndi K5,000.

Funsoli limasokoneza chifukwa aliyense amathamangira kuphatikiza ndalama zonse zimene wamva zikutchulidwa. Musayambe ndi kuphatikiza. Tengani munthu mmodzimmodzi, mufunse kuti anabwera ndi chiyani ndipo wapita ndi chiyani.

Wamakala anatulutsa K5,000 yeniyeni masana, madzulo walandira K5,000 yeniyeni. Sanataye, sanapindule, choncho mumuchotse m'nkhaniyi. Wogula uja anabwera ndi pepala lopanda ntchito, wapita ndi shuga wa K3,000 ndi chenji cha K2,000. Anthu alipo atatu basi, ndipo ngati mmodzi sanataye kanthu, zimene wakuba watenga ndi zomwezo zimene mwini okala wataya.

Bambo a kunyumba aphatikiza shuga, chenji ndi K5,000 yobweza ija, koma aiwala kuti mwini okala anayamba walandira K5,000 yabwinobwino kwa wamakala. Pa ndalamayo anachotsa K2,000 ya chenji, K3,000 n'kutsala m'kabati. Pobweza madzulo anatenga K3,000 yomweyo, n'kuwonjezerapo K2,000 ya m'thumba mwake. Inunso mwawerenga chenji kawiri.

Pa mayeso, ngakhale a MANEB a sitandade 8, mwana alembe K5,000, chifukwa funso silinatchule mtengo wopikulira. Koma inu muli ndi okala, ndiye tipitirire pang'ono.

Tiyerekeze kuti paketiyo munapikula pa K2,600. Zimene zachoka pa mpamba wanu ndi K2,600 ya shuga ndi K2,000 ya chenji, zonse K4,600. K400 yotsalayo ndi phindu limene mukanapeza. Tsono ngati paketi iliyonse imakupatsani K400, muyenera kugulitsa mapaketi 12 kuti mpamba ubwerere pamene unali. Pepala limodzi lokha ladya thukuta la mapaketi 12. Ichi n'chifukwa chake sindigwirizana ndi amalonda amene amati kuyang'anitsitsa ndalama pamaso pa kasitomala n'kumuchititsa manyazi. Chiyambire pamene Reserve Bank of Malawi inatulutsa K5,000 mu 2022, kulakwitsa kamodzi kokha kumapweteka kwambiri kuposa kale. Ikwezeni pa kuwala muone chithunzi chobisika ndi kachingwe ka m'kati, muikhudzenso ndi zala. Chenjerani kwambiri ndi munthu wogula kanthu kotchipa ndi ndalama yaikulu kukamada, chifukwa chimene akufuna ndi chenji, osati katunduyo. Ikakugwerani yachinyengo, musaiponyere kwa wina, umenewo ndi mlandu. Pitani nayo kupolisi.

Kusokonezeka kwa pakhomo panuku ndimakuona kawirikawiri m'makope a amalonda. Ndalama ikangodutsa m'kabati, munthu amaiwerenga ngati yake. Chenji chobwereka kwa mnzanu si chanu. Katundu wotenga pa ngongole kwa mwenye kapena ku holoselo si mpamba wanu mpaka mutalipira. Amene amaphatikiza okala ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba ndiye amavutika koposa: kasitomala akabwera kudzaika K20,000, kabati imadzaza, koma mu foni mwachoka K20,000 yomweyo, ndipo zanu ndi komishoni yokha. Ena amatapa pamenepo kugulira ndiwo, pakutha pa mwezi n'kumadabwa kuti mpamba wathera kuti.

Gulani kope la masamu, mugawe tsamba pawiri: zolowa ndi zotuluka, ndipo pa ndalama iliyonse mulembe kuti yachokera kwa ndani kapena yapita kwa ndani. Ndalama za mu foni zikhale ndi tsamba lake ndi kachikwama kake. Loweruka madzulo mwanayo azikhala nanu powerengera, popeza waonetsa kale kuti sawerenga ndalama kawiri.