Bambo akuti udokotala basi, mwana akufuna za ma antibody

Kalata iyi yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4, ndipo zoterezi zimachuluka mayeso akayandikira. Akuti: "Ine chimandisangalatsa ndi za chitetezo cha m'thupi. Ndinawerenga kuti ma antibody alipo mitundu 5 koma sindimvetsa chifukwa chomwe munthu wobayitsa katemera wa Covid amadwalabe. Bambo akuti ndidzasankhe udokotala basi, zinazi ndi za olephera. Bayoloje ndimakhoza koma Kemisitire ndi masamu zimandivuta. Nditani?"

Tiyambe ndi funso la katemeralo mwanawe, chifukwa ntchito yomwe ukufunayo ikuonekera momwemo. Kachilombo ka corona kali ndi timinga totchedwa spike, timingati timakagwira pa puloteni ya ACE2 yomwe ili pa maselo a m'mphuno ndi m'mapapo, kakagwira basi kalowa. Antibody, puloteni yomwe thupi limapanga polimbana ndi tizilombo, ikamata pansonga ya spike kachilombo kamasowa pogwira, ndipo ma antibody ena ngakhale sakutseka nsongayo amakaika chizindikiro kuti maselo omeza tizilombo akapeze msanga. Pa mitundu 5 ija, yoyamba kutuluka kawirikawiri ndi IgM, chimphona, zidutswa 5 zolumikizana zokhala ndi malo ogwirira 10, siigwira molimba kwenikweni koma imagwira pambiri nthawi imodzi, pakapita milungu ingapo imatsika. Kenako IgG, yomwe ndi pafupifupi 75 pa 100 ya ma antibody onse a m'magazi, iyi ndiye imagwira ndendende chifukwa maselo a B, omwe amapanga ma antibody, amapitiriza kuikonza pomwe matenda akupita, imakhala miyezi, imafika m'mapapo, ndiponso ndi yokhayo yomwe imadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba.

Koma yankho lako lili pa IgA. Iyi imakhala m'mamina, m'malovu, m'misozi ndi mu mkaka wa m'mawere, kunena kwake ndi mlonda wa pageti pomwe IgG ali mkati mwa nyumba. Katemera wobaya pamkono amapangitsa IgG yambiri m'magazi koma IgA ya m'mphuno amapanga yochepa, ndiye kachilombo katha kukhazikika m'mphuno munthu n'kudwala chimfine n'kupatsira ena, koma kakati katsikire m'mapapo kamapeza IgG ndi maselo a T, omwe amapha maselo ogwidwa ndi kachilombo, ali chire. N'chifukwa chake katemerayu anachepetsa kwambiri kugonekedwa m'chipatala ndi imfa kuposa kutenga matendawo. Onjezerapo zoti ma antibody amatsika pakapita miyezi, komanso Omicron, mtundu wa corona wa mu Novembala 2021, inabwera ndi zosintha zoposa 30 pa spike pokha moti ma antibody ambiri akale sanaizindikire bwino. IgE ndi ya ziwengo ndi njoka za m'mimba, IgD imakhala pa maselo a B, pa corona ziwirizi zisakutayitse nthawi.

Tsono inu bambo. Funso lomwe mwana wanuyu wafunsa si la munthu woona odwala pamzere, ndi la munthu wa mu labu, ndipo mawu oti "za olephera" amenewo amandikwiyitsa zedi chifukwa dokotala yemweyo sayamba mankhwala a matenda ambiri asanaone zotsatira za ku labu. Katalin Karikó yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2023 limodzi ndi Drew Weissman pa ntchito yomwe inatheketsa katemera wa Covid wa mtundu wa mRNA si dokotala wa odwala, anaphunzira biochemistry. Sikhulile Moyo wa ku Zimbabwe yemwe amagwira ntchito ku Botswana, mmodzi mwa oyamba kuona Omicron, ntchito yake ndi yofufuza ma virus mu labu. Olephera ake ndi amenewa? Makolo ambiri mumangofuna dzina loti mwana wanga ndi dokotala, kenako mwana amakalowa kosi yomwe mtima wake kulibe, chaka chachiwiri wabwerako ndipo mlandu mumaupereka kwa iye yemwe.

Iwenso usasekerere msanga. Kukonda mavidiyo a pa YouTube a ma antibody okongoletsedwa mitundumitundu si kukhoza ayi. Antibody ndi puloteni, momwe imamatira pa spike ndi Kemisitire yeniyeni, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi masamu. Tenga ELISA, njira yomwe amayezera ma antibody: kambale ka pulasitiki ka timaenje 96, umasungunula magazi pamlingo wake, umadontheza ndi kachubu kotchedwa pipette kaenje ndi kaenje, kutsuka, kudikira, kutsukanso, mpaka timaenje tomwe muli antibody tisinthe mtundu ndipo makina awerenge kuda kwa mtunduwo. Ukaphonya sitepe imodzi posungunula mbale yonse yapita, mawa uyambirenso. Kukoma kwake n'koti ndi mbale yomweyo utha kusiyanitsa yemwe anadwaladi ndi yemwe anangobayitsa katemera wa spike, chifukwa wodwalayo amakhalanso ndi ma antibody a puloteni ya mkati mwa kachilombo yotchedwa nucleocapsid. Koma munthu woopa masamu a mu Kemisitire a mole sangafike pamenepo.

China, immunology, maphunziro a chitetezo cha m'thupi, m'malo ambiri simaiyamba pa digiri yoyamba. Umalowera pa Medical Laboratory Science, Biomedical Science, Biochemistry kapena Microbiology, kenako masters, ofufuza enieni mpaka PhD, ndipo mipata ya kafukufuku ndi yochepa, yambiri imadalira ndalama za mapulojekiti zomwe zimatha. Ine ndingakulangize Medical Laboratory Science chifukwa ukamaliza uli ndi luso logwirika m'manja, ungoyembekezera kuti zaka zoyamba udzakhala ukuyeza magazi, mkodzo ndi makhololo, osati kutulukira katemera.

Funso lako ndi labwino, ambiri a msinkhu wako safunsa choncho, ndiye mwina zingatheke. Koma kosi zonsezi zimafuna Kemisitire ndi masamu zokhoza bwino ngati momwe udokotala umafunira, palibe kothawira. Kuyambira sabata ino siya kubwereza Bayoloje yomwe ukuidziwa kale, tenga mapepala a mayeso akale a Kemisitire uyambe ndi mole ndi concentration, pomwe wakakamira ukafunse aphunzitsi tsiku lomwelo. Tchuthi chikafika ukapemphe kukaona labu ya chipatala ngakhale tsiku limodzi, ndipo bambo apite nawe.