Mwana akufuna kukhala Rose wa ku Tralee? Mulekeni akayese

Mayi wina amene akukhala ku County Cork kuno ku Ireland wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 21, wobadwira konkuno, akufuna kulowa mpikisano wosankha Cork Rose, mtsikana wokaimira Cork pa mpikisano wa chaka ndi chaka wa Rose of Tralee, koma bambo ake akukanitsitsa. Akuti zimenezo ndi za azungu, komanso mtsikana woleredwa bwino sadzionetsa pagulu. Mayiwo akufunsa kuti aime mbali iti.

Mayi anzanga, funso lanu landisowetsa tulo, chifukwa nane ndili ndi mtsikana amene wakulira m'dziko lino. Ali wamng'ono ankasewera camogie, mpira wa ndodo uja wa atsikana, ndipo ankaukonda kwambiri. Loweruka lililonse tinkakhala pa bwalo la GAA, bungwe la masewero achi Irish, mvula ikutikwapula, iye ali chimwemwe tsaya. Tsiku lina tinachoka ku masewerako kupita ku mapemphero a Amalawi, iye atavala jezi ya timu yake. Amayi ena anayamba kumuseka kuti wasanduka mzungu, akuti mtsikana wanji wothamanga ndi chibonga ngati mnyamata. Mwanayo anangokhala duu. Titafika kunyumba anandifunsa kuti, "Amama, nanga ine kwathu ndi kuti?" Ku sukulu amamufunsa kumene anachokera kwenikweni, ngakhale atanena kuti anabadwira konkuno. Titapita ku Malawi asuweni ake ankamuseka Chichewa chake chopotoka. Ndiye ku mapemphero nakonso azimukankha? Ndinamuuza kuti jeziyo azivala kulikonse kumene akufuna, ndipo aliyense wosakondwa abwere kwa ine.

Ife makolo tinabwera ndi ana kuno, kapena kuwaberekera kuno, tikufuna aphunzire, apeze ntchito zabwino, koma akangoyamba kumva kuti dziko lino ndi lawo timachita mantha. Timatseka chitseko tokha mwini nyumba asanatiuze kuti tisalowe. Zimenezi ndimadana nazo.

Nkhani yoti ndi za azungu ndiyosavuta kuyankha. Mu 2018 amene anapambana Rose of Tralee ndi Kirsten Mate Maher, woimira Waterford, ndipo bambo ake ndi a ku Zambia, anansi athu enieni. Iye asanabwere, Clare Kambamettu, amene bambo ake ndi ochokera ku India, anapambana mu 2010, ndipo mu 1998 anapambana Luzveminda O'Sullivan, amene mayi ake anali a ku Philippines. Sindikunena kuti tsankho kulibe. Liripo, ndipo pa intaneti pamalembedwa zonyansa mtsikana wakuda akangoonekera pa TV. Mwana wanu mumukonzekeretse zimenezo mosabisa. Koma tsankho la anthu ena si chifukwa chomubisira m'nyumba.

Za kudzionetsa, ndikuganiza kuti abambowo ali ndi chithunzi cha mipikisano ya ziphadzuwa imene atsikana amayenda atavala zosambira. Ku Tralee kulibe zimenezo. Mwambowu unayamba mu 1959 m'tauni ya Tralee ku County Kerry, ndipo cholinga china chinali kukopa Achi Irish amene anabalalika m'maiko ena kuti azibwera kumudzi. N'chifukwa chake mumaona ma Rose ochokera ku London, Sydney, Boston, Toronto. Mu Ogasiti atsikanawo amaonekera pa RTÉ, wailesi ya kanema ya dziko lino, masiku awiri madzulo, atavala madiresi aatali, kucheza ndi wofunsa mafunso za ntchito yawo, agogo awo, mudzi wawo. Wina amaimba, wina amalakatula ndakatulo, wina amavina. Makolo amakhala m'gulu la oonerera atanyamula zikwangwani, ena akupukuta misozi.

Pali Achi Irish ambiri amene amati mwambowu ndi wachikalekale, wofuna mtsikana wofatsa ndi womwetulira basi. Ndimawamvetsa. Kwa zaka zambiri mtsikana amene ali ndi mwana sankaloledwa, mpaka mu 2008. Okwatiwa anayamba kuloledwa mu 2022. Ineyo ndinakula nthawi imene lamulo la 1973 linkaletsa amayi ku Malawi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi, ndipo ndinaona amayi athu akutengedwa pa malole kukavinira Kamuzu afune asafune. Ndiye sindikonda aliyense amene amafola akazi pa mzere n'kumawayeza khalidwe. Koma apa palibe amene akumukweza mwana wanu pa lole. Wasankha yekha, ali ndi zaka zake. Ndipo atsikana ena agwiritsa ntchito nsanja imeneyi kunena zakukhosi: mu 2016 Brianna Parkins wa ku Sydney ananena poyera pa TV kuti dziko liponye voti pa lamulo lokhudza kuchotsa mimba, ndipo Maria Walsh, amene anapambana mu 2014, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya mu 2019. Mungagwirizane nawo kapena ayi, koma si atsikana ongomwetulira amenewa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ansembe ndi masisitere achi Irish anakhala zaka makumi ambiri kwathu, kuphunzitsa, kuchiza, kuphunzira zilankhulo zathu, ndipo tinkawatenga ngati abale. Lero mwana wathu wobadwira kwawo azichita manyazi kunena kuti ndi wa ku Cork?

Nanga muchite chiyani?

Mwana ayang'ane malamulo a chaka chino pa tsamba la okonza mwambowu, makamaka za zaka ndi unzika. Ngati anabadwa 1 Januwale 2005 isanafike, unzika wa Ireland ndi wake chifukwa chobadwira kuno. Obadwa pambuyo pake zimadalira zaka zimene makolo anali atakhala m'dzikoli movomerezeka. Adzafunika kampani kapena shopu yomuthandiza ndalama zolowera, ndipo ambiri amapempha kumene amagwira ntchito. Abambowo musakangane nawo pamaso pa mwana. Khalani nawo pansi muonere limodzi mwambo wa 2018 pa YouTube, kenako mwanayo awafotokozere yekha chimene akufunira kulowa. Akakanabe, inu mupite naye ku mpikisanowo ndithu, ndipo abambowo muwagulire tikiti yawo.