Cumbia ya ku Mexico: kusiyanitsa mitundu yake ndi poyambira kuiimba

Owerenga wina amene amaimba kiyibodi mu bandi ya pa maukwati watitumizira funso pa imelo. Akuti: "Ndamvera cumbia ya ku Monterrey, ya mu Mexico City ndi ya ku Texas, koma zonse zikundisokoneza. Zimasiyana pati, ndipo bandi yathu ingayambire pati?"

Achimwene, musayambire pa kiyibodi. Yambani ndi güiro, chipanda chokhala ndi mizere chimene amakanda ndi kamtengo, ngakhale mabandi ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito chachitsulo. Mukamawerenga 1, 2, 3, 4, güiro amakanda kamodzi kotalika pa 1, kawiri kofupika pa 2, kotalika pa 3, kawirinso pa 4. Besi imagunda pa 1, imapuma pa 2, kenako imagunda pa 3 ndi pa 4. Inu a kiyibodi makodi anu ndi afupiafupi, pa 2 ndi pa 4 basi. Ikani metronomu, kachipangizo kogunda mosunga liwiro, pakati pa 90 ndi 100 pa mphindi, kugunda kulikonse kukhale pa 1 ndi pa 3. Mitundu yonse imene mwatchulayi yakhazikika pamenepa. Chimene chimasintha ndi chida chotsogolera nyimbo ndi liwiro.

Cumbia kwawo ndi kugombe la Caribbean ku Colombia, kumene amaiimba ndi zitoliro za gaita ndi ng'oma zitatu: tambora, alegre ndi llamador. Inafika ku Mexico m'zaka za m'ma 1940, pamene Luis Carlos Meyer wa ku Barranquilla anajambula nyimbo ndi gulu la Rafael de Paz. M'ma 1960 Mike Laure wa ku Jalisco anaisakaniza ndi magitala amagetsi a rock, ndipo m'ma 1970 Rigo Tovar wa ku Matamoros analowetsamo sinthesaiza. Gaita sinazike mizu ku Mexico. Malo ake anatenga akodiyoni, sakisofoni, malipenga ndi kiyibodi.

Ya mu Mexico City amaitcha sonidera, kuchokera kwa ma sonidero, eni zokuzira mawu amene amavinitsa anthu mumsewu m'madera monga Tepito ndi Peñón de los Baños. Ramón Rojo wa Sonido La Changa ndi mmodzi mwa odziwika kwambiri. Sonidero amalankhula nyimbo ili mkati, kuwerenga moni amene anthu amulembera pa timapepala, mawu ake akubwerezabwereza ngati m'phanga. N'chifukwa chake nyimbo za mtunduwu zimakhala ndi mbali zazitali zopanda woimba: amasiyira malo wolankhulayo. Kuti mumve kiyibodi ndi akodiyoni zikusinthana bwino, mverani Los Ángeles Azules a ku Iztapalapa, dera la mu Mexico City.

Ya ku Monterrey ndi imene imasokoneza oimba ambiri, chifukwa ili pawiri. Pali ya akodiyoni yotsatira kaimbidwe ka ku Colombia, imene Celso Piña, yemwe anamwalira mu 2019, anaitchukitsa ndi gulu lake la Ronda Bogotá. Palinso rebajada, kutanthauza yotsitsidwa. Anthu a ku Colonia Independencia, dera la mu Monterrey, amasimba kuti makina oimbira nyimbo a sonidero wina, Gabriel Dueñez, anatentha phwando lili mkati n'kuyamba kuzungulira mochedwa, koma ovina anakonda zimene anamvazo. Chinsinsi chake n'chakuti liwiro ndi mawu zimatsikira limodzi: woimba amamveka wa mawu aakulu, besi n'kulemera. Pa kompyuta ambiri amalakwitsa posiya batani la key lock, loletsa mawu kutsika kapena kukwera liwiro likasintha, lili loyatsa. Nyimbo imachedwa koma mawu satsika, ndiye imangomveka yaulesi. Lizimitseni, kenako tsitsani liwiro ndi 10 peresenti, zimene zimatsitsa mawu ndi masemitoni pafupifupi awiri (semitoni ndi mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana pa kiyibodi). Mbale ya galamafoni yozungulira ka 45 pa mphindi mukaizungulitsa ka 33 imatsika ndi masemitoni oposa asanu, ndipo pamenepo güiro amazimiririka, mawu a woimba osamvekanso bwino. Bandi yoimba pamaso pa anthu singapange rebajada yeniyeni pongochedwetsa. Iyenera kutsitsanso kiyi.

Kumpoto kwa Mexico, magulu a norteño amaimba cumbia ndi akodiyoni ya mabatani, gitala ya bajo sexto ya zingwe 12, besi ndi ng'oma za bandi. Kutsidya kwa malire, ku Texas, Selena anaipangitsa kukhala yopepuka ndi makiyibodi, pamene Fito Olivares ankatsogoza sakisofoni. Kum'mwera chakum'mawa, ku Tabasco, kunali Chico Che ndi gulu la La Crisis, a ogani ndi sakisofoni. Palinso cumbia andina ya magulu monga Los Askis, yokhala ndi zitoliro za quena ndi zampoña komanso kagitala ka charango.

Kwa bandi ya pa maukwati, ine ndingasankhe sonidera kapena ya ku Texas, poti zida zake muli nazo kale. Chimene chidzakuvuteni ndi woimba besi, amene amafuna kudzaza malo opuma a pa 2. Akatero, nyimbo imataya kunjanja kwake n'kumamveka ngati polka. Chachiwiri ndi wa ng'oma womenya kang'oma ka snare mwamphamvu ngati wa rock. Muuzeni agunde m'mphepete mwa ng'oma kapena kabelu kachitsulo pa 1 ndi pa 3. Ndipo güiro mumupatse munthu wakewake woti asagwire china chilichonse. Yesezani atatu okha, güiro, besi ndi ng'oma, kwa mphindi 10 musanalowetse kiyibodi.