Makapusozi a chimfine anditsegula m'mimba

Funso: Adokotala, ine ndimathyola tiyi kuno ku Mulanje. Chimfine chikandigwira ndimagula makapusozi a amoxicillin pa okala, koma ulendo uno ndatsegula m'mimba masiku anayi. Mlamu wanga akuti ndapha "tizilombo tabwino" ta m'mimba. Kachilombo n'kukhala kabwino?
Mayi wa ku Chitakale

Yankho: Mayi, alamu anuwo sananame. M'matumbo mwanu muli mabakiteriya mabiliyoni ankhaninkhani, ndipo ambiri ndi eni mudzi. Inu mukudziwa kuti tiyi akagwirana bwino, udzu suphuka pansi pake. Nawonso amadzaza malo n'kumaliza chakudya, woyambitsa matenda n'kusowa pofikira.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti ali ndi zida zawo. Ena amapanga timapuloteni totchedwa bacteriocin. Tina timaboola khungu la bakiteriya mnzake ngati thumba la chimanga lofumbwa, tina timalowa n'kuwononga zam'kati. Wotipangayo safa nato chifukwa amadzipangiranso chishango. Woyamba kuona zimenezi anali André Gratia wa ku Belgium mu 1925, pa bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli. Izi zisanachitike, mu 1917, dokotala wa ku Germany, Alfred Nissle, adadabwa ndi msilikali wina amene sankatsegula m'mimba pomwe anzake ankagwa ndi kamwazi. Adapatula E. coli m'chimbudzi chake, ndipo mtundu umenewo ukugulitsidwabe ngati mankhwala ku Ulaya mpaka lero.

Ma bacteriocin ambiri amasankha mdani, kawirikawiri wachibale wa wowapangayo. Kapusozi wanu uja sasankha. Ali ngati moto wa osaka mbewa, umapsereza ndi nandolo yemwe. Chondiwawa n'chakuti chimfine chimayamba ndi vairasi, amene amoxicillin samukhudza n'komwe. Mwaotcha munda popanda mbewa.

Pakadali pano sungunulani Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimwa pafupipafupi. Mukaona magazi, thupi likatentha, kapena mawa kukacha musanasinthe, pitani kuchipatala ndipo mukanene mankhwala amene munamwa, osabisa.

Eni mudzi aja amabwerera pang'onopang'ono, ndipo chakudya chawo muli nacho kale: nsima ya mgaiwa, nandolo, nyemba, nkhwani, nthochi. Chambiko ndi thobwa mulinso mabakiteriya abwino, ngakhale si mankhwala. Makapusozi otsalawo musawasungire mwana akadzayamba kukhosomola.