Lipoti la mwana wanga lilibe malikisi: kodi timuchotse pa sukuluyi?

"Ndine mayi wa ku Malawi, ndikukhala ku Maryland m'dziko la America. Mwana wathu wamwamuna wa zaka 11 ali mu giredi 6 pa sukulu yoyima payokha, yoyambira kindergarten mpaka giredi 8, imene makolo timaiyendetsa mothandizana ndi aphunzitsi. Tinamupititsa kumeneko chifukwa kusukulu ya boma ankangokhala duu m'kalasi, ndipo sukuluyi inatichotserako gawo la fizi. Tsopano mtima wanga suli m'malo. Lipoti lake limabwera masamba anayi a mawu okhaokha, lopanda malikisi ngakhale nambala. Teremu yathayi iye ndi anzake ankangopita kukamtsinje kukayeza madzi, ndipo aphunzitsi ake amawatchula dzina ngati mnzake. Bambo ake akuti tikulipirira masewera, pamene agogo ake kumudzi akaimba foni amangofunsa kuti wakhala nambala chani. Sukulu ikufunanso kuti tizikagwirako ntchito maola angapo mwezi uliwonse, chonsecho ine ndimagwira ntchito ya usiku. Tikufuna adzakhale dokotala. Kodi timuchotse?"

Mayi, makalata onga lanuli ndimalandira kawirikawiri kuchokera kwa makolo a kwathu amene akulera ana kunja, ndipo ambiri amalembedwa lipoti likangofika. Yankho langa ndi lakuti musamuchotse, makamaka pa zifukwa zimene mwatchulazi. M'kalata yanu yonse simunanene kuti mwana sakutha kuwerenga, kulemba kapena kuwerengetsa masamu, ndipo ndikuganiza kuti simunanene chifukwa simunamuyese. Chimene chikukusowetsani tulo n'chakuti sukuluyi sikufanana ndi imene inu ndi bambo ake munaphunzirako.

Ife tinakula tikumva manambala akuwerengedwa pabwalo tsiku lotsekera sukulu, ndipo zinali ndi chifukwa chake: malo a ku sekondale ndi ochepa, choncho mayeso a PSLCE a mu Sitandade 8 amagwira ntchito yosefa, ndipo mwana amayenera kuzolowera mpikisano adakali wamng'ono. Kumene mukukhalako mwana aliyense ali ndi malo ku high school (sekondale ya kumeneko) ya boma ya m'dera lake, kotero nambala ya mwana wa zaka 11 siimutsegulira kapena kumutsekera khomo lililonse. Imangokuuzani anzake amene wawaposa, osati zimene iye akudziwa. Agogo tingawakhululukire, pakuti akufunsa funso limene analeredwa nalo. Bambo ake, amene akukhala komweko ndipo atha kukafika pasukulupo m'mawa uliwonse, sayenera kubisala kumbuyo kwa funso la agogo.

Kaphunzitsidwe kameneka, kophunzira pochita zinthu, si kachilendo ku America. Mu 1896 katswiri wa maphunziro John Dewey anatsegula sukulu yoyeserera pa University of Chicago, kumene ana ankaphika, kuluka nsalu ndi kupala matabwa, ndipo miyeso, masamu ndi mbiri ankaziphunzirira m'kati mwa ntchitozo. M'zaka za m'ma 1930 kunachitika kafukufuku wotchedwa Eight-Year Study, amene anatsatira ophunzira 1,475 ochokera m'sukulu pafupifupi 30 zoyesa njira zatsopano, n'kumuyerekeza aliyense ndi mnzake wofanana naye wochokera kusukulu wamba. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1942, zinaonetsa kuti ku koleji ophunzirawo anakhoza mofanana ndi anzawo, mwinanso kuposerapo pang'ono. Kafukufukuyu ndi wakale ndipo ankakhudza ma high school, motero sakuikira umboni sukulu ya mwana wanuyo, koma akukwanira kutsutsa mawu akuti kuphunzira pochita zinthu ndi masewera chabe.

Tiyeni tipite kukamtsinje kaja. Ntchito yotere ikakonzedwa bwino, mwana amaviika thermometer m'madzi, amalemba madigiri m'kabuku mlungu ndi mlungu, amapeza avereji ya manambala okhala ndi madesimo, amajambula girafu, kenako amakangana ndi anzake atatu chifukwa chiwerengero cha tsiku lina chasiyana ndi zinzake zonse, ndipo ayenera kugwirizana ngati madzi anasinthadi kapena wina anawerenga molakwika. Pomaliza amalemba zimene apeza ndi kuimirira pamaso pa anthu kuti azifotokoze. Mmenemo muli masamu, sayansi, kulemba ndi kuyankhula pagulu, ndipo mwana amene ankangokhala duu akufunika kwenikweni chomalizachi. Muuzeni akubweretsereni kabuku kakeko ndi girafu yake, ndipo mumufunse chifukwa chake mzere unatsika pamene unatsikapo. Lipoti la masamba anayilo muliwerengenso modekha muli ndi cholembera m'manja. Mphunzitsi akalemba kuti mwana amafulumira kupereka yankho lolondola koma amalephera kuonetsa njira imene wadzera, wakupatsani chinthu choti mugwirepo ntchito, chimene malikisi 72 sangakupatseni.

Koma sindikufuna mundimve ngati ndikugulitsa sukuluyi, chifukwa njira imeneyi ili ndi nthenda yake, ndipo nthendayo imakonda ana ofatsa ngati wanuyo. Pa dima sipalephera munthu amene amakweza khasu nyimbo ikafika pokoma, koma mzere wake akulimira ndi amene ali m'mbali mwake, ndipo nthawi ya thobwa amakhala patsogolo. Ntchito ya m'magulu imabisa mwana waulesi, imabisanso mwana amene sakumvetsa koma akuopa kunena. Akatswiri amene anafufuza kwambiri za kuphunzira mothandizana, monga David ndi Roger Johnson a ku University of Minnesota komanso Robert Slavin, anatsindika kuti cholinga cha gulu chiyenera kuyendera limodzi ndi kuyankha kwa mwana aliyense payekha, apo ayi phindu lake limachepa. Dewey mwiniwake mu 1938 anadzudzula sukulu zina zodzitcha kuti zikutsatira maganizo ake chifukwa chosiya ana kuchita zimene akufuna popanda dongosolo la mphunzitsi.

Choncho muyeseni mwanayo nokha, popanda kukalipa. Mupatseni pepala ndi pensulo awonkhetse 3/4 ndi 2/3, agawe 1,248 ndi 16 popanda kalikuleta, awerenge mokweza tsamba limodzi la buku limene sanalionepo n'kukufotokozerani m'mawu ake, ndiponso alembe ndime imodzi yekha mukuona. Mwana wa giredi 6 ayenera kutha zimenezi, ndipo mafulakishoni ndiwo ndikuwadera nkhawa kwambiri, pakuti amene sanawagwire bwino amadzavutika ndi algebra, imene ana ambiri kumeneko amayamba mu giredi 8 kapena 9. Mukatero pitani kwa mphunzitsi ndi mafunso enieni. Mufunseni mmene amadziwira gawo la mwana wanu pa ntchito ya gulu, ndi chimene sukulu imagwiritsa ntchito poyeza masamu ndi kuwerenga, poti sukulu zoyima pazokha zambiri sizilembetsa mayeso a boma. Mufunsenso kumene ana omaliza giredi 8 apita m'zaka zaposachedwapa, ndi makalasi a masamu amene anaikidwamo atafika kumeneko. Sukulu yabwino imayankha zimenezi mosazengereza. Ngati mwana walephera zimene mwamuyesa, ndipo sukulu ikungokuuzani kuti ana amakula mosiyana popanda kukuonetsani chimene ichite ndi nthawi imene ichitire, pamenepo ndiye padzakhala chifukwa chomuchotsera, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukuuzani kuti musachedwe.

Za kutchula aphunzitsi dzina ndingozidutsa: ndi mwambo wa sukulu zambiri zamtunduwu, ndipo ulemu wolandira chinthu ndi manja awiri ndi wopatsa moni akuluakulu mwana amauphunzira m'nyumba mwanu.

Pa nkhani ya maola ogwira ntchito kusukulu ndiyankhula ndi amuna anu, chifukwa ndaona kuti katundu ameneyu mwasenza nokha ngati kuti mwana ali ndi kholo limodzi. Sukulu yoyendetsedwa ndi makolo si sitolo yoti mulipire n'kudikira katundu. Makolo amasankha bodi, amakhala m'makomiti, amakonza pamalo, amaperekeza ana pa maulendo, ndipo ntchito imeneyi ndi imodzi mwa zinthu zimene zimathandiza kuti fizi isakwere kwambiri. Munavomera zimenezi tsiku limene munasayina. Bambo, ngati mayi amagwira ntchito usiku, maola amenewa ndi anu. Mwagamula kuti mukulipirira masewera, koma kodi munakhalapo m'kalasimo ngakhale m'mawa umodzi? Sukulu imeneyi ikukupatsani mwayi umene makolo athu sanaupeze, woona ndi maso mmene mwana wanu amagwirira ntchito pakati pa anzake, ndipo inu mukuutenga ngati chilango. Ngati nonse nthawi ikukuvutani, kauzeni komiti poyera, mupemphe ntchito ya Loweruka kapena yochitira kunyumba monga kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama. Kungokhala chete n'kumadandaulira pafoni kumudzi sikuthandiza aliyense.

Tsopano za udokotala. Palibe sukulu ya pulayimale, kaya ya malikisi kaya yopanda malikisi, imene imapanga dokotala. Ku America munthu amamaliza giredi 12, amachita digiri yoyamba ya zaka 4, amalemba mayeso a MCAT, amapikisana kuti alowe sukulu ya udokotala ya zaka zina 4, kenako amaphunzira ntchito m'chipatala zaka zosachepera 3. Pomaliza zonsezi mwana wanu adzakhala akuyandikira zaka 30, ndipo ambiri amene amafunsira malo m'sukulu zimenezi chaka chilichonse sawapeza. Ulendo wautali chonchi mwana sangauyende pongofuna kusangalatsa bambo ake. M'kalata yanu mwanena kuti "tikufuna", koma simunandiuze chimene iye amakonda, ndipo zimenezi zimanditopetsa m'makalata a makolo. Chimene mungamupatse pa msinkhu uno ndi masamu olimba, chizolowezi chowerenga, ndi mtima wosachita manyazi kufunsa. Ngati muli ndi maganizo obwerera kumudzi mwana asanamalize giredi 8, nkhani yasintha, chifukwa PSLCE ili ndi silabasi yake ndi pepala la Chichewa, ndipo sukulu ya ku Maryland sikumukonzekeretsa zimenezo.

Ngati mukhalabe komweko, muli ndi nthawi yokwanira, bola musaiwononge ndi mikangano ya nambala. Mu giredi 7 yambani kuyendera ma high school, ya boma ya m'dera lanu ikhale yoyamba. Sukulu zoyima pazokha zambiri zimafuna mayeso olowera otchedwa SSAT kapena ISEE, ndipo mafomu ofunsira malo nthawi zambiri amatsekedwa chapakati pa chaka cha giredi 8, choncho mwana amene sanazolowere mayeso othamangitsana ndi nthawi ayenera kuyeserera mapepala akale miyezi ingapo zisanafike. Thandizo la fizi nalonso limafunsiridwa padera, ndipo limene muli nalo pano silidzamutsatira kusukulu ina. Munaona bwino pamene munazindikira kuti mwana akuzimirira m'kalasi yake yakale, ndipo pamenepo ndikuyamikani. Muyeseni masamu aja Loweruka likubwerali, ndipo mudzandilemberenso zimene mwapeza, bambo ake atakhalako kale m'kalasi.